Tsiku Limene Namitambo Anaanula Zovala

Lachiwiri lapitali mtsikana wina anaanula zovala zake pachingwe zisanaume. Ndi zokhazo zimene anachita. Sanatukwane munthu, sanabe kanthu. Koma dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo, alongo anga a Nambewe anali atamwaza thumba lawo lonse la feteleza m'munda wouma gwa, ndipo mvula sinagwe. Ndikulemba izi ndili wokwiya, ndipo sindibisa.

Mukufunsa kuti zovala za mwana wa eni zikukhudzana bwanji ndi feteleza wa alongo anga? Inenso ndikanamva kwa wina ndikanati akunama. Tiyeni ndiyambire poyambira.

Kumudzi kwathu, mukapitirira pa Mtunthama pang'ono, kunafika anthu a ku yunivesite ina mvula ya chaka chino isanayambe. Kuseri kwa sukulu ya pulayimale anatchinga kabwalo ndi waya, n'kuikamo chibokosi choyera chachikulu ngati filiji ya m'golosale, chokhala ndi diso lagalasi loyang'ana kumwamba. Pambali pake anaimika masola ochipatsa magetsi. Masiku ena m'mawa amaulutsa chibaluni chonyamula kabokosi kumunsi kwake, chimakwera mpaka kusowa m'maso. Akuluakulu aja atamaliza kumanga anakwera galimoto yawo n'kubwerera, n'kusiya mtsikana mmodzi wophunzira za nyengo kuti aziyang'anira. Dzina lake lenileni ndi Tamanda, koma kwathu dzina lobwera nalo silichedwa kutha ntchito. Sabata isanathe anali Namitambo.

Msonkhano sanaitanitse. Anangouza ahedi a pasukulupo kuti ndi kafukufuku wa mitambo. Ahedi anauza aphunzitsi, aphunzitsi anakanena kunyumba, a kunyumba n'kukanena pamjigo. Pofika pamjigo nkhani inali itanenepa: akuti atitumizira makina odziwa tsiku la mvula.

Musawaseke anthu akwathu. Munthu akabwera pakati pa alimi ndi chinthu chimene ntchito yake ndi kuyang'ana mitambo tsiku lonse, inu mungaganize kuti wadzatani? Wadzawerenga akhwangwala?

Tsono kwathu nkhani ya mvula si chinsinsi. Ndi moni. Mukatsika minibasi pa Mtunthama, munthu amene simunamuonepo chibadwire akufunsani kuti, "Kumene mwachokako yagwa?" Inu mumayankha mmene mwaonera: yagwa yambiri, yangowaza, yalambalala kulowera ku Chisemphere. Iye salipira, inu simulipiritsa. Ngakhale anthu amene anakangana malire a munda, osapatsana moto chaka chathunthu, akakumana panjira za mvula amauzana. Munthu angakubisireni kumene wagula mbewu yotchipa, angakubisireni kuti dzina lake lalowa pa makuponi, koma mvula sabisa, chifukwa mvula si ya munthu.

Choncho amayi a pamjigo anamufunsa Namitambo monga amafunsira wina aliyense. Chipinda chimene ankagona chinali ku nyumba za aphunzitsi, moyang'anana ndi mjigowo, ndiye ankakumana naye m'mawa uliwonse.

"Nanga mwana wathu, makina anuwo akuti igwa liti?"

Iye, ndi ulemu wake wonse, atagwira m'manja, anati, "Pepani amayi, sindiloledwa kunena."

Anafunsa ena tsiku lina, yankho lomwelo. Anafunsa akulu a mpingo potuluka m'tchalitchi, yankho lomwelo.

Taganizirani bwino. Munthu akati sindikudziwa, mumamusiya n'kukafunsa kwina. Koma akati sindiloledwa, ndiye kuti akudziwa, kungoti wina wamutseka pakamwa. Anthu akwathu sanamukwiyire. Anamumvera chisoni: mwana wa eni ali pantchito, tikamupanikiza angamuchotse. Ndiye popanda kukhalirana pansi anagwirizana kuti asamuvutitsenso ndi mafunso. Pakamwa anamutseka, inde, koma manja ndi miyendo sanamumange. Azingomuyang'ana zochita zake.

Kale tinkayang'ana linthumbu likasamuka, kapena mphepo ikatembenuka masana. Chaka chino anthu ankayang'ana Namitambo. Akatuluka atavala nsapato zotseka, amayi pamjigo ankakodolana. Akayanika zovala m'mawa, ndiye kuti lero kulibe, pitani mukapalire mtima uli m'malo. Tsiku lina mu Disembala analowetsa nkhuni zake pakhonde masana, madzulo ake mvula inagwa. Basi, umboni unakwana. Zakuti mwezi umenewo inkagwa pafupifupi tsiku lililonse palibe anazikumbukira. Ndipo mwini wake sankadziwa kanthu. Ankangodabwa kuti anthu a m'mudzi muno n'ngokonda kumuyang'ana.

Tsopano ndikuuzeni za alongo anga. A Nambewe ndi akulu kwa ine. Alamu anga anatisiya zaka zapitazo, iwo n'kutsala ndi ana anayi ndi munda umene mayi athu anatisiyira, kamunda kopanikizika pakati pa maesiteti a fodya. Anzawo angapo a m'mudzimo, chimanga chitawakanika motsatizana, anatseka zitseko ndi minga n'kupita kukakhala matenanti. Kumeneko umalima fodya wa wina, umadya chimanga chochita kukuyezera, umagona m'kanyumba ka udzu kamene si kako, ndipo ana ako amaiwala njira ya kusukulu. A Nambewe analumbira kuti ana awo sadzakulira m'chigafa cha fodya wa munthu. Koma chaka chatha nkhokwe inatha msanga kwambiri, ndipo mbuzi zimene zinalipo zinapita. Chaka chino ndiye choweruza. Chimanga chikabereka, akhala pakhomo pawo. Chikakanika, palibenso chowagwira.

Kuponi anaipeza movutikira, mukudziwa nokha mmene zimakhalira. Feteleza wokulitsa anagawana ndi mabanja ena, aliyense kachidebe kake. Wobereketsa, yuriya woyera uja, anafika mochedwa pa depoti, ndipo a Nambewe anapsa ndi dzuwa pamzere mpaka anapeza thumba limodzi. Analisenza okha pamutu, n'kuliika kuchipinda kumene amagona, osati pabalaza. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, nthawi yeniyeni yothira.

Kenako mvula inadula. Ng'amba ya mu Januwale ija. Masamba anayamba chikasu, masana n'kumapindika ngati a anyezi. Thumba lili m'nyumba, chimanga chikulira njala panja, nthaka ili fumbi lokhalokha. Mlimi aliyense akudziwa kuti yuriya sathira pouma. Umadikira chinyezi, umabaya kadzenje ndi kamtengo pambali pa phando, umathiramo ndi chitsekerero cha botolo, n'kukwirira. Ndi ntchito yochedwa, yothyola msana. Mlangizi wa zaulimi anthu anamuona komaliza pa kalembera wa makuponi. Ndiye mudzi wonse unali kudikira, diso limodzi kumwamba, linalo pachingwe cha Namitambo.

Ine ndimakhala pa boma. Lachiwiri lija ndinakwera kabaza kupita kumudzi kuti ndikakhaleko masiku angapo, ndione mmene zinthu zilili. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinapeza mudzi ngati kwabuka moto. Amayi akuthamanga ndi mabeseni pamutu, abambo akukankha matumba panjinga, pamjigo palibe munthu, zidebe zangosiyidwa pamzere.

Alongo anga ndinawapeza m'munda, chitenje atamanga m'chiuno, beseni lili m'manja.

"Achimwene, mwafika nthawi yabwino. Moni tipatsana madzulo. Tengani beseni ilo, muyambire mzere wa kumtunda."

"Kodi chachitika n'chiyani?"

"Ikubwera lero. Yambiri."

"Wanena ndani?"

"Namitambo waanula."

Ndinayesa sindinamve bwino. Iwo anafotokoza manja akugwirabe ntchito. Mtsikana uja anachapa m'mawa n'kuyanika monga mwa masiku onse. Posakhalitsa anatuluka akuthamanga, n'kuanula zonse zikudontha madzi. Anatseka mawindo. Anathamangira kuseri kwa sukulu n'kufunditsa chibokosi chija chinsalu cha lona, n'kumanga ndi zingwe ngodya zonse. Kenako anatuluka ndi chikwama ndi ambulera, liwiro la kumsewu. Onse amene anali pamjigo anaona ndi maso awo.

"Munthu angafunditse makina ake popanda chifukwa? Mwana uja watiuza, achimwene. Pakamwa sangathe, koma watiuza."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalidi mitambo cha kum'mawa, ina yoderako kumimba. Ndinene zoona, nanenso ndinayamba kukhulupirira. Komabe ndinati, "Bwanji osadikira igwe kaye, mawa tibaye ndi kukwirira?"

"Mvula ya chaka chino imagwa kamodzi n'kuthawa. Ndi manja angawa, pofika pakati pa munda nthaka idzakhala itaumanso. Koma ikapeza feteleza ali kale pansi, imusungunula n'kumutsitsira kumizu lero lomwe. Ingoikani patsinde, musataye nthawi."

Mungawatsutse? Maganizo amenewo alibe cholakwika, kupatula chimodzi: mvulayo iyenera kugwadi.

Ndiye tinathira. Ine amene ndikulemba ngati wanzeru pano ndinagwira beseni, ndinawerama, ndinathamanga mzere ndi mzere pamodzi ndi mudzi wonse. Pofika madzulo thumba linali lopanda kanthu. A Nambewe analikutumula n'kulipinda bwinobwino, ndipo tinakhala pakhonde kudikira. Mitambo ija inasendera pang'ono, inaima ngati ikuganiza, kenako inabalalika. Dzuwa linalowa lofiira, kumwamba kuli mbee.

Lachitatu dzuwa linatuluka ngati lachita kutumidwa. Mame a m'mawa ananyowetsa feteleza pang'ono chabe, kungomusungunula pamwamba, dzuwa n'kubwera kudzamaliza. Pofika Lachinayi, ukalowa m'munda umamva fungo loboola mphuno ngati la kuseri kwa bafa, ndipo aliyense amene analimapo akudziwa tanthauzo lake: feteleza akuuluka. Pamene timibulu tinagwera pamasamba, masambawo anapsa. A Nambewe anayenda munda wonse akuona mmene zawonongekera. Sanali okha, chifukwa mabanja ambiri a m'mudzimo anathira tsiku limenelo.

Lachisanu Namitambo anatsika kabaza ndi chikwama chake, akumwetulira, n'kupereka moni pamjigo. Amayi anayankha, poti moni sakaniza, koma palibe anamuyang'ana kumaso. Ine ndinamutsatira kuseri kwa sukulu mawu atadzaza m'kamwa. Ndinamupeza akumasula zingwe za chinsalu chija.

"Achemwali, Lachiwiri munkathawa chiyani?"

"Sindinathawe, bambo. Akuluakulu anandiimbira foni kuti alendo amene amalipirira kafukufukuyu afika ku Lilongwe, ndikapezeke tsiku lomwelo. Ndinangolongedza zonyowa zomwezo."

"Nanga kufunditsa makina?"

"Lamulo lake ndi lakuti ndikachoka ndizifunditsa, kuopa fumbi."

"Ambulera?"

Anandiyang'ana modabwa. "Dzuwa, bambo. Pa siteji palibe mthunzi."

Ndinamufotokozera zonse, za nsapato, za nkhuni za mu Disembala, za chingwe chake, za thumba la alongo anga. Mtsikana uja anangokhala pansi pa udzu pomwepo n'kugwira pakamwa. Ukali wanga unasowa pogwira. Iyenso ndi mwana wa mlimi, kwawo ndi ku Ntchisi, mayi ake nawonso amadikira kuponi. Sindinafunike kumuuza kuti thumba limodzi n'chiyani.

"Bambo," anatero, "makinawa za mawa sadziwa n'komwe."

Apo ndi pamene ndinamva koyamba ntchito ya chibokosicho. Anandiuza mwachidule, akucheukacheuka ngati akuba. Chimayeza kuti mitambo ili patali bwanji, yakhuthala bwanji, ndiponso kuti mumpweya muli nthunzi ya madzi yochuluka motani, kuyambira pansi mpaka kumwamba. Manambala ake amapita okha pa kompyuta ya ku yunivesite, kuchoka apo n'kuwoloka nyanja. Olipirira ndi asilikali a dziko lina lakutali. Iwowo ali ndi ndege ndi makamera oona pansi ali m'mwamba, ndipo mitambo ndi nthunzi zimawatchinga maso. Akufuna kudziwa kuti mitambo ya m'mayiko otentha ngati lathu lino imatchinga motani, kuti akonze zida zoona bwino ngakhale kunja kutada.

Mwamva? Ife tikuyang'ana mtambo kuti utigwetsere madzi. Iwo akuyang'ana mtambo womwewo kuti uwachokere panjira.

"Nanga bwanji osangowauza amayi aja kuti simudziwa?"

"Anatiuza kuti funso lililonse lokhudza makinawa tiziyankha kuti sitiloledwa, ofuna zambiri alembere kwa akulu a dipatimenti. Ndinasayina. Ndinkaopa kuti ndikanena china andichotsa, sukulu yanga ithera pomwepo."

Alembere kwa akulu a dipatimenti! A Nambewe, amene sukulu analekezera panjira kuti ine ndiphunzire, asiye khasu, afune cholembera, afunse akulu a dipatimenti ngati igwa Lachiwiri.

Ndiye ndikwiyire ndani? Mtsikanayu ayi. Iye anachapa zovala, anamvera foni, anasunga lamulo limene anamupatsa.

Ndikwiyira inu, akuluakulu a ku yunivesite. Kafukufuku sindikumutsutsa. Ndikudziwa kuti maphunziro amafuna ndalama zimene kuno n'zosowa, ndipo wokupatsa sumusankha nkhope. Ngati asilikali a eni alipira kuti mwana wa ku Ntchisi aphunzire za mlengalenga, aphunzire, mwina tsiku lina nzeru zimenezo zidzabwerera kwathu. Zakuti zida zimenezo zidzaloza ndani, mitima yanu ikuuzani, ine sindinafike kumeneko lero. Funso langa ndi laling'ono. Mungabwere ndi chinthu choyang'ana kumwamba pakati pa anthu amene moyo wawo wonse uli kumwambako, n'kuchoka osanena mawu? Chinakuvutani n'chiyani kuima pansi pa mtengo wa pasukulu paja n'kunena kuti, anthuni, makinawa sanena za mvula, musawadalire? Chinsinsi cha asilikali chikanaululika pamenepo? Nkhondo yawo ikanalephereka?

Pomanga mpanda munapempha anthu a m'mudzimo kuti akukumbireni maenje. Madzi osakanizira simenti anatunga amayi omwewa. Pamenepo Chichewa munkachidziwa bwino. Pofika pofotokoza ndi pamene chinakuthawani.

Akuti safunsa anadya phula. Anthu akwathu anafunsa, kangapo konse, mwaulemu, koma phula adya ndithu.

Ndipo si a yunivesite okha. M'dziko lathu lino odziwa sanena, ndiye osadziwa aphunzira kuwerenga zizindikiro. Feteleza afika liti pa depoti? Palibe angakuuzeni. Ndiye anthu amayang'ana ngati kalaliki wasesa pakhonde, ngati mlonda wavala yunifomu yochapa. Akaona wasesa, m'mawa mwake mzere wafika kumsewu, kenako n'kumva kuti ankasesera mlamu wake wodzacheza. Kuchipatala mankhwala alipo? Suzumirani ngati kawindo kaja katsegulidwa. Fodya atigula bwanji ku okushoni chaka chino? Onani ngati mwini esiteti wapentetsa galimoto. Wailesi nayo imangoti mvula igwa m'madera ena a chigawo chapakati. Madera ena ake ati? Chigawo chapakati n'chachikulu, munda wa a Nambewe ndi umodzi.

Tazolowera kukhala ngati ana a bambo waukali, oyang'ana nkhope pakhomo kuti adziwe ngati lero m'nyumba muli mtendere. Kenako zikalakwika, ophunzira omwewo amapukusa mitu, amvekere anthu akumudzi amakhulupirira zachabe. Zachabe? Munthu ukamumana mawu, awerenga chingwe cha zovala. Kumeneko si kupusa. Anthu awa anaona, anayerekeza, anakumbukira za mu Disembala, n'kupeza yankho. Kodi ku yunivesite kwanuko simuchita chimodzimodzi? Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukalakwitsa mumafufuta n'kuyambiranso, pomwe iwo akalakwitsa amagona ndi njala.

Nafenso akumudzi tili ndi mbali yathu, ndisakondere. Ulemu wathu umatipweteka. Tinamumvera chisoni mtsikana mpaka kuleka kumufunsa. Pakanapezeka mmodzi wamwano womupanikiza kuti, iwe, ukudziwa kapena sudziwa, bwenzi lero matumba ali m'nyumba. Koma ife wophunzira akangoti sindiloledwa, timawomba m'manja n'kubwerera chafutambuyo. Ndipo mmodzi akangothamanga ndi beseni tonse timathamanga, ine ndemwe.

Palinso china chimene chikundiwawa. Zitheka bwanji kuti moyo wa banja lonse ulendewere pa thumba limodzi? Mwini esiteti ina yoyandikana nafe nayenso anatengeka ndi phokoso lija, anathira m'munda wake wa chimanga tsiku lomwelo. Ataona kuti mvula yalephera anangotukwana, n'kutumiza thirakitala kukatenga matumba ena. Kuponi sindikuinyoza, yapulumutsa ambiri. Koma imabwera mochedwa, imakupatsa mpata umodzi wokha, ndipo silola kuti ulakwitse. Nanga pali mlimi amene sanalakwitsepo powerenga mitambo?

Loweruka Tamanda, ndimutchule dzina lake tsopano, anandipempha kuti ndimuperekeze kwa alongo anga. Ndinkaopa kuti kukakhala mawu. Koma a Nambewe anamuyalira mphasa pakhonde, n'kumupatsa moni wa mlendo, n'kumufunsa ngati mayi ake ali bwino, ngati ku Ntchisi ikugwa. Mtsikana anayamba kupepesa, misozi n'kutsika.

"Musalire, mwana wanga. Inu munangochapa zovala zanu. Ndife tinakulembani ntchito imene simunafunsire." Kenako anawonjezera kuti, "Koma tsiku lina mukamaanula zonyowa, muzikuwa pamjigo kuti muli ndi ulendo."

Tinaseka tonse, kuseka kwa pamaliro. Pobwerera Tamanda anaima pamjigo n'kunena mokweza, aliyense akumva, kuti makina aja za mvula sadziwa, iyenso sadziwa, ndipo wofuna akamuneneze kwa akuluakulu ake. Anali mawu ochepa chabe. Akananenedwa mu Novembala ndi munthu wa tayi, bwenzi sabata ino ndikulemba zina.

Lamulungu masana, tikutuluka m'tchalitchi, inagwa. Mvula yeniyeni, yodekha, yolowa pansi, imene mlimi amaipempherera. Amene Lachiwiri lija anali ku maliro kutali matumba awo ali chisungire, ndipo ndikumva kuti tsopano akuthira mosathamanga, kubaya ndi kukwirira m'nthaka yofewa. Chibokosi chija nachonso chinayeza mtambo umenewo bwinobwino, manambala ake awoloka kale nyanja.

A Nambewe anakhala pakhonde kuyang'ana madzi akuyenda m'mizere. Chimanga chidzuka, inde, sichifa. Koma iwo alima munda umenewo moyo wawo wonse, akudziwa kuti chimanga chodzuka ndi madzi okha chimabereka zotani. Ndinawauza kuti ndiyesetsa, ndikafunafuna kwa mavenda pa boma, mwina n'kupeza ngakhale theka la thumba. Malipiro anga akuwadziwa, tsiku limene ndimalandira akulidziwa, ndipo akudziwanso kuti pofika pamenepo chimanga chidzakhala chitamasula kale.

Nditatsanzika anandiperekeza mpaka kumsewu, mvula ikuwazabe. Titafika poti ana sangamve, anaima.

"Achimwene, popita ku boma mumadutsa pa esiteti ya geti lobiriwira ija. Mukaone a kapitawo. Muwafunse ngati chaka chamawa angalandire banja lopanda bambo. Muwauze kuti ana awiri akuluwo amatha kusoka fodya."

Ine ndine mwini mbumba. Ana amenewo akadwala, akalakwa, akafuna banja, anthu amafunsa ine. Pa geti lobiriwiralo ndinamuuza wakabaza kuti aime. Ndinatsika, ndinaima pamenepo mpaka malaya ananyowa, kenako ndinakweranso. Uthengawo ndikadali nawo.

Inu amene munabweretsa chibokosi chanu kwathu n'kuchoka osatsegula pakamwa, ndani mwa inu abwere adzandiperekeze kukagogoda pa geti limenelo?